Njinga Yodikira Sevisi

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu aliyense. Ngakhale mkazi wanga anangomva mawu anga okha tsiku lija ndikulankhula pafoni ndi mwana wathu, a mbali inayo sanawamve. Anthu a m'mudzi mwathu, kuseri kwa Mitundu, amangodziwa kuti njinga yanga yamoto inagona m'nyumba nthawi yaitali, kenako m'mawa wina inatuluka.

Njingayo anandigulira ndi mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni. Sanafune yakale ngati zimene amayendetsa anyamata a kabaza. Anatumiza ndalama kukampani ina yogulitsa njinga mu Lilongwe, ine n'kukaitenga ikadali ndi mapulasitiki pachishalo. Pondipatsa makiyi, bambo wa pakauntala anandiuza lamulo lawo.

"Madala, njingayi ili ndi waranti. Ndiye kuti injini ikafa nthawi yake isanakwane, tikukonzerani ulere. Koma sevisi izichitikira kuno. Tikumatirani kapepala apa pafupi ndi mita, pali nambala ya makilomita. Mukaipyola musanabwere, kapena njinga ikagwidwa ndi makaniko wa pansi pa mtengo, waranti yatha."

Ine sukulu ndinayamba imvi zitamera kale, ya kwacha imene inkachitikira kutchalitchi masana. Choncho pamene ndinawerenga ndekha nambala ija, osapempha munthu, mtima unadzaza ndi chimwemwe. Sindinadziwe kuti nambala yomweyo idzandimanga miyendo.

Ulendo woyamba wa sevisi ndinavala jekete ngati wopita kuukwati. Pageti anandilanda njinga n'kundilozera mpando m'chipinda chozizira ngati mochale. Ndinakhala, ndinatopa, ndinadzuka kukafunsa kuti ndione chimene akuichita.

"Kumbuyoku n'kwa antchito okha, madala," anatero bambo wa pakauntala uja.

"Mbuzi yanga akamaibaya jakisoni ndimaigwira miyendo ndine."

"Iyi si mbuzi."

"Zoonadi. Mbuzi imaswa."

Anaseka, inenso ndinaseka. Koma pepala la malipiro litabwera ndinaona kuti mbuzi ndinaitchula msanga. Oyilo, kasefa, ntchito ya manja, msonkho, zonse pamodzi zinali mtengo wa mbuzi yathunthu. Onjezanipo petulo wopitira ndi wobwerera. Ndipo pobwerera kumudzi ndinazindikira chinthu china: msewu wochokera kusevisi unali ukudya kale makilomita a sevisi yotsatira.

Ntchito amaidziwa anthu aja, sindingawanamizire. Njinga inkabwerako ikulira bwino. Koma pamipando ija amene ndinkakhala nawo anali anyamata a m'maofesi ndi m'mabungwe, obweretsa njinga zakuntchito. Pepala likabwera iwo amangosaina osaliwerenga, chifukwa wolipira ndi ofesi. Mtengo uja anaukonzera anthu ngati amenewo. Mlimi amagwira ndalama kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa, koma mita sidziwa kuti ino ndi nyengo yanjala.

Maulendo oyamba mwana wanga ankatumiza ndalama za sevisi mosadandaula. Kenako ntchito inachepa kumene ali. Nambala ya pamita itayandikira ya pakapepala, anandiimbira.

"Ababa, muiimike kaye. Musaikwere mpaka nditumize."

Ndinailowetsa m'nyumba, pambali pa matumba a chimanga, mkazi wanga n'kuifunditsa chitenje kuopa fumbi. Mwezi unatha, wina n'kulowa. Mayi a kunyumba anabwerera kusenza chimanga pamutu popita kuchigayo. Mkulu wa mpingo anabwera kudzapempha kuti ndimuperekeze kumsonkhano, ndinamubweza. Wina dzino likumupweteka, ndinamubwezanso. M'mawa uliwonse ndinkavundukula chitenje, kuwerenga nambala imene ndinkaidziwa kale pamtima, n'kuvundikiranso. Mnzanga wosadziwa kuwerenga akanangokwera n'kumapita.

Tsiku lamsika ndinapita ku Mitundu pa njinga yanga yakale yakapalasa. Anyamata a kabaza atandiona anayamba.

"Madala! Bwana uja mwamusiya kuti? Wagonekedwa?"

"Akudikira sevisi."

"Sevisi? Oyilo ali apo pagolosale, makaniko ali apo akuodzera. Kapena yanuyo imamwa wa m'firiji?"

Onse anaseka. Mmodzi wa iwo, wamkuluko, ananditengera pambali.

"Madala, mukuzunzika ndi zazing'ono. Pali kachingwe kochokera kutayala lakutsogolo kupita kumita. Ingokamasulani. Mita igona, inu muziyenda. Tsiku lasevisi mudzabwezeretse. Ambiri amatero."

Ndisaname, nditafika kunyumba ndinagwada n'kukapeza kachingweko. Ndinakagwira ndi zala. Kanali kofewa kumasula, kosafuna ngakhale sipanala. Koma ndinadzifunsa kuti njinga yanga yomwe, yogulidwa ndi thukuta la mwana wanga, ndiziyenda nayo mozemba ngati ndaba? Ndinakasiya kachingweko mmene kanalili.

Ndiye kunagwa maliro. Mwana wa mlongo wanga anakwatira mkazi wa kumudzi wina kupitirira Nathenje, n'kumubweretsa kwathu pa chitengwa. Nkhoswe ya ukwatiwo ndinali ine. Mayiyo anadwala nthawi yaitali, ndipo anatisiya masana ena kuchipatala. Dzuwa lisanapendeke, abale ake anali atamva kale pafoni, alongo ake akulira mpaka ife kumamva. Koma atsibweni ake, amene ndi mwini mbumba kumeneko, anayankha mawu ochepa.

"Pafoni tamva mphekesera. Maliro sitinamve."

Sanalakwitse. Mwana wa eni amene munachita kukapempha, akamwalira m'manja mwanu simuuza eni ake ngati mukufunsa mtengo wa nyemba. Nkhoswe imapita komweko, kukakhala pamphasa, kufotokoza mmene matenda anayendera. Eni mbumba ndiwo amanena kumene mwana wawo akagone. Izi zisanachitike, manda sakumbidwa, bokosi silikhomedwa, anthu amangokhala pabwalo kudikira.

Paminibasi ndiye kuti ndikazungulire m'tauni, ndikatsike, ndikakwere ina yolowera ku Dedza, ndikatsikenso pa Nathenje n'kuyamba wapansi. Tsiku lonse likanathera m'njira, thupi likudikira. Koma pali njira yafumbi yodutsa m'midzi ndi m'madambo, imene njinga yamoto imadula dzuwa lisanatenthe. Ndinaimbira mwana wanga madzulo omwewo, nditaima kuseri kwa nkhokwe.

"Pepani ndi zovutazo, ababa," anatero. "Koma njinga musaigwire. Mwati kwatsala pang'ono kufika pa nambala ija."

"Kwatsala kofika kuchigayo n'kubwerako. Ku Nathenje sikukwana."

"Ndiye kwerani kabaza."

"Nkhoswe ikafike kwa eni mbumba itakumbatira mnyamata wa kabaza m'chiuno, njinga yake itafunda chitenje kunyumba? Nanga atsibweni a malemuwo, okalamba aja, ndikawabweretsa pamsana?"

"Manyazi sagula injini, ababa. Ikadzafa waranti itatha, ine ndilibe ndalama zogulira ina."

"Kodi iwe unandigulira njinga, kapena unandipezera ntchito yolondera katundu wa kampani?"

Ndinkamva magalimoto akudutsa kumene anali. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Si inu nomwe munatsala kuesiteti agogo atamwalira, kuopa kutaya malipiro a chaka? Nthawi imeneyo munkadziwa kuti chuma sachitayira maliro. Lero chasintha n'chiyani?"

Sananame mwanayo. Ndinali tenanti paesiteti ina ya fodya ku Kasungu, iye akadali wamng'ono. Munali m'nyengo yosankha fodya pamene munthu anapalasa njinga kuchokera kwathu kudzandiuza kuti mayi anga amwalira. Kapitawo anati wochoka fodya asanagulitsidwe asadzayembekeze kanthu. Wamthengayo ndinamupatsa chakudya, ndinamuperekeza mpaka pamsewu, anabwerera yekha. Nkhaniyi kwathu aliyense amaidziwa, kungoti palibe amene anainenapo pamaso panga. Woyamba anali mwana wanga, pafoni, chifukwa cha oyilo wa njinga.

"Ndinatsaladi," ndinamuyankha. "Ndalama zimenezo unadya ndiwe, unavala ndiwe. Zinatha chaka chomwecho. Koma dothi pamanda a mayi anga sindinaponye, ndipo chimenecho sichinathe mpaka lero. Kapitawo uja ndinamumvera ndili mnyamata. Sindingamverenso kapepala ndili ndi imvi."

"Ababa, mukapyola nambala ija, za sevisi musadzandiuzenso. Muzidzionera nokha."

"Sindidzakuuza."

"Ndikunena zoona."

"Inenso ndikunena zoona. Ugone bwino, mwana wanga."

Ndinadula foni. Sindinamukwiyire. Ndikudziwa mmene amapezera ndalama kumeneko, kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, kudzimana kuti bambo ake asamayende wapansi. Iye ankateteza chimene anavutikira. Amene ndinakwiya nawo ndi aja anakonza zoti munthu agule chinthu n'kumachipemphabe kwa amene anamugulitsa. Waranti ndi yabwino kwa amene ali ndi ndalama zoisamalira. Kwa ine inasanduka mlendo wodya kuposa mwini nyumba. Ndinaganiza kuti injini ikadzafa idzafe, ndidzaikankha mpaka pa Mitundu, makaniko wa pansi pa mtengo adzaitsegule ine ndili pomwepo ndikuona. Ikadzakanika, ndidzabwerera pa yakapalasa, imene sinandifunsepo nambala.

Nditabwerera pabwalo, mwana wa mlongo wanga, mwamuna wa malemuyo, anali atakhala pansi atatsamira khoma, maso ali gwa.

"Mawa atsibweni ake a mkazi wako akhala ali pano dzuwa lisanafike pamutu," ndinamuuza. "Uwauze adzukulu akonzeretu makasu."

Kutacha ndinavundukula njinga, chitenje n'kubwezera mwini wake. Ndinaikankhira panja, ndinayang'ana oyilo, ndinapopa matayala amene anali ataphwa ndi kukhala. Ndinathira petulo wa m'botolo amene ndinagula kwa mnansi wathu wogulitsa. Inakana kawiri, kenako inalira, anthu a pamaliro onse n'kutembenuka. Uthenga wa maliro sayenda nawo munthu mmodzi, choncho ndinanyamula mkulu wina wa m'banja mwathu, ndodo yake itapingasa pamiyendo. Ndinadziwa kuti pobwerera tidzapanikizana atatu ndi atsibweni aja. Titawoloka dambo loyamba ndinaponya maso pamita. Nambala inafanana ndi ya pakapepala, kenako inaipitirira. Ndinaiwerenga mokweza.

"Mukuti chiyani, achimwene?" anafunsa mkulu uja kumbuyo.

"Ndati gwiritsitsani, kutsogoloku kuli mchenga."

Ndinaonjezera moto, kulunjika ku Nathenje.