Manyazi Anga Anagulitsitsa Makina a Achimwene

Inu owerenga, ine ndili ndi satifiketi yothandizira pa ntchito za malamulo, ija ambiri amati ya uparaligo. Ndinakhoza bwinobwino, sindinabere mayeso. Koma kuti ndiyambe maphunzirowo ndinanamiza munthu amene amandikonda kuposa wina aliyense, ndipo bodza langalo lamusandutsa waganyu.

Ndine mtsikana wokulira kumudzi ku Thyolo, ndipo sekondale ndinaphunzira yoyendera. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhoza, koma osati mofika ku yunivesite. Achimwene anga a Lafayelo ananditenga kuti ndizikakhala nawo ku Bangwe. Iwo anali telala wa pakhonde ku Limbe. Mwini sitolo, mmwenye wachikulire wogulitsa nsalu, anawapatsa malowo kalekale, moti wogula nsalu m'sitolomo ankangotuluka n'kuwasiyira kuti amusokere. Malo otere sapezeka wamba, ndipo ndi amene ankatidyetsa.

Tsiku lina ndikuwaperekera chakudya ndinaona chikwangwani cha koleji ina imene inali pamwamba pa masitolo. Ndinakwera. Mayi wa pa tebulo anandiuza kuti omaliza maphunziro a uparaligo amagwira ntchito ndi maloya, ndipo savutika. Ndinatsika masitepe ndikudziona nditanyamula mafayilo kukhoti.

Achimwene anamvetsera mofatsa. Iwo ndi munthu wosadula nsalu asanayeze kawiri. Anati fizi yake sangaikwanitse ndi zosokasoka za tsiku ndi tsiku, ndipo chinthu chamtengo chimene anali nacho ndi makina okha. Anali okonzeka kuwagulitsa ngati ntchitoyo ili ndi malipiro oti ine n'kudzawagulira ena. Ngati ayi, anati andiphunzitsa kusoka. Kenaka ananena mawu amene ndimawakumbukira mpaka lero.

"Mlongo wanga, a kukolejiwo ndi ogulitsa. Wogulitsa sanena kuti nsalu yake imasuluka. Pita m'tauni ukafunse olemba ntchitowo."

Iwo sakanatha kundiperekeza chifukwa anali ndi zovala za ukwati zoti amalize. Anandipatsa ya minibasi, ine n'kunyamuka.

Ofesi ya maloya ndinaipeza mosavuta pakati pa tauni ya Blantyre. Chitseko chake chinali chagalasi. M'katimo munali mayi wovala suti, akuyankhula Chingerezi pa foni mothamanga ngati wa pa wailesi. Ine Chingerezi changa chinali cholemba m'kope, pakamwa chinkandithawa. Ndinayang'ana nsapato zanga zafumbi. Mlonda atandifunsa kuti, "Asisi, mukufuna ndani?" ndinayankha kuti ndasochera. Ndinayenda wapansi mpaka ku Mandala kumene ndinamva kuti kuli ofesi ina, koma kumeneko ngakhale pageti sindinayandikire.

Nditafika kunyumba achimwene anandiyang'ana mwachiyembekezo. Kunena kuti ndinaopa kulowa kunandichititsa manyazi, poti anali atawononga ndalama ya ulendo pa ine. Ndinawauza kuti kwa maloya ndafika, ndipo akuti ntchito zilipo zambiri, malipiro akenso ndi abwino. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti mwina ndikanalowa akanandiuza zomwezo.

Makina anagulitsidwa. Achimwene ankaganiza kuti azibwereka a mnzawo podikira ine, koma mnzawoyo ankawafunanso. Mwini sitolo anawasungira malo kwa kanthawi ndithu, koma ogula nsalu ankafuna telala, ndipo mapeto ake pakhonde paja panakhala munthu wina. Sindingamunene mmwenye uja, anapirira mokwanira. Achimwene anayamba kuyendayenda m'makonde a anzawo, kusita, kusokerera mabatani, kupinda mathalauza pa makina a eni ake akapita kukadya. Komabe kunyumba ankabwera akuseka, n'kumati, "A loya athu aswera bwanji? Mudzatikumbukiretu ife a malaya ong'ambika."

Ndinaphunzira ndi mtima wonse, ndipo ndinakhoza bwino. Tsopano panalibenso kuthawa, ndinayenera kulowa m'maofesi aja kukasiya makalata. Ulendo uno ndinalowa pa chitseko chagalasi chija. Mayi amene ndinamuopa uja anali munthu wachifundo kwabasi, ndipo atamva Chingerezi changa chikukakamira anangoyamba yekha Chichewa. Anandifotokozera kuti satifiketi imeneyi simusandutsa munthu loya. Pa ofesi yawo amalemba maloya a digiri, ndi makalaliki odziwa kompyuta amene anagwirapo kale ntchito. Anati maparaligo amafunika kwambiri kumabungwe othandiza akaidi ndi anthu akumidzi, koma malo ndi ochepa, ntchito zake zimatha thandizo likatha, ndipo ambiri amayamba mongodzipereka. Anandilangiza kuti ndikanayamba ndaphunzira kompyuta, kapena kudzipereka kaye kubungwe kuti ndione ngati n'koyenera kulipira. Pomaliza anati, "Mwanawe, ukanabwera usanalipire ndikanakuuza zomwezi."

Ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa banki.

Lero ndine wodzipereka pa bungwe lina laling'ono. Ntchito ndimaikonda, musandimve molakwa. Ndimathandiza amayi amasiye olandidwa katundu kudziwa koyenera kupita, ndipo akamathokoza mtima umakhala m'malo. Koma kangachepe kamene amatipatsa kamathera pa minibasi. Makina osokera sindingawalote n'komwe.

Achimwene ataona kuti miyezi ikupita, tsiku lina Lamlungu tikuchokera kutchalitchi anati mawa lake avala jekete, tipitire limodzi kwa maloya amene anandilonjeza aja, mwina akaona munthu wamkulu akumbukira mawu awo. Apa mpamene bodza langa linafika pamapeto. Ndinawauza zonse tili chiimire m'mbali mwa msewu, za chitseko, za mlonda, za ku Mandala.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Ukanangondiuza kuti ukuopa. Ukwati uja ukanadikira, ndikanapita nawe."

Inu owerenga, makamaka anzanga ochokera kumudzi amene tauni imatiopsa, sindikunena kuti maphunziro a uparaligo ndi oipa. Alipo amene akudya nawo. Koma musanalole kuti m'bale wanu agulitse chimene chimamudyetsa, kafunseni amene akugwira ntchitoyo kuti anaipeza bwanji, anadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo amalandira zotani. Wa kukoleji yekha asakukwanireni. Ngati Chingerezi chikukuvutani, funsani m'Chichewa, anthu a m'maofesiwo ndi anzathu omwe. Ngati miyendo yakana kulowa, bwererani kunyumba mukanene kuti mwaopa. Akusekani tsiku limodzi, basi.

Achimwene sanandikalipirepo mpaka lero. M'mawa uliwonse amadzuka kupita ku Limbe kukapempha ganyu kwa anyamata amene anawaphunzitsa okha kusoka, ndipo potuluka amandifunsabe ngati ya minibasi ndili nayo.