Timipope M'sutikesi

Chaka chimene ntchito zomanga zinaima mu Dublin, amuna anga anabwera kunyumba ndi chipewa chawo cholimba chachikasu, n'kuchikoleka kuseri kwa chitseko, ndipo sichinatsikenso. Ine ndinali ndikadakolopa kubwalo la ndege. Iwo ankatsala m'kanyumba kathu ka ku Blanchardstown, ka makoma otuluka thukuta, atazimitsa hita poti munthu wosagwira ntchito alibe chilolezo chomva kufunda. Mphumu imene anaisiya ku Zomba ali mnyamata inawalondola n'kuwapeza pomwepo. Akamapuma, m'chifuwa munkalira ngati mwaswera mphaka.

Dokotala anawapatsa timipope tiwiri topopera m'kamwa, kabulauni ka tsiku lililonse ndi kabuluu ka pamene abanika. Tinkathandiza ndithu, koma bambowo sanakhutire. Ankati ndi dokotala wanji wongoyang'ana pa kompyuta, osakukhudza ngakhale paphewa.

Ndiye mayi wina wa kwaya kutchalitchi kwathu, wodziwa mankhwala a matenda onse kupatula a pakamwa pake, anatiuza za mzungu wina wowongola misana, amene amawatcha kayiropulakita. Ulendo woyamba ndinawaperekeza, poti wodwala sapita yekha. Mzunguyo anali waulemu, wa manja ofunda. Anatulutsa msana wapulasitiki n'kufotokoza kuti timipaipi ta mpweya m'mapapo sititseguka kapena kufinyika tokha, timalamulidwa ndi minyewa, ndipo minyewa ina imatulukira pakati pa mafupa a msana. Fupa likakhala mopendekera, akuti, uthenga umasokonekera panjira. Amuna anga, amene anatha zaka akukoka mawaya a magetsi m'nyumba za eni, anagwedeza mutu mpaka ndinaopa kuti khosi lithyoka lisanagwiridwe n'komwe. Mzunguyo anawagoneka chafufumimba, n'kuwadina. Msana unalira kuti tho, ndipo anadzuka akumwetulira.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri linasanduka tsiku lalikulu. Ankasita malaya oyera, kupolisha nsapato, n'kunyamuka nthawi ikadalipo yambiri. Mzungu akawafunsa mmene akumvera, ankayankha kuti akupeza bwino kwambiri. Linali bodza la mtunda wautali, ndipo ine wogona nawo limodzi ndinkadziwa. Nditawafunsa anandidabwa. Anati munthu wakutuluka nawe thukuta, wakupinda uku ndi uku, iwe n'kumuuza pamaso kuti ntchito yake yapita pachabe? Umenewo ndi mwano.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti timipope tija anali atatichotsa ntchito. Mzunguyo sanawauze zimenezo ayi, ndisamunamizire. Linali lamulo la bambo awo omwalira kalekale, lakuti mankhwala a asing'anga awiri sasakanizidwa, amakamenyana m'thupi. Choncho anatiika mu sutikesi ya pamwamba pa wodilopu, momwe timasungamo mapasipoti ndi zitenje za pamaliro.

Lamulungu lina titatuluka Misa anati tikwere sitima tipite kugombe la nyanja ku Dún Laoghaire, ndikaone ndekha kuti achira. Tinayamba kuyenda pa mlatho wina wamiyala wolowa m'nyanja, mphepo yozizira ikutiwomba kumaso, iwo ali patsogolo chifuwa chili panja. Tisanafike pakati anakhala pansi. Mapewa ankakwera ndi kutsika, koma mpweya sunkalowa. Milomo inayamba kutuwa. Ndinapisa m'matumba awo onse, ndinapeza chipeso, korona ndi tikiti ya sitima.

"Bambo, kampope kali kuti?"

"M'sutikesi," anatero, mawu akuchita kukoka.

Ndinawatukwana pomwepo, ndi pakamwa pomwe ndinali nditangolandirira Ukaristia. Ndinkachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo m'mutu munkangozungulira funso limodzi, lakuti ndikawauza chiyani apongozi anga. Gogo wina wachiayirishi amene ankayendetsa kagalu kovala juzi anaima, n'kutsegula chikwama chake, n'kutulutsa kampope kabuluu. Sanafunse kanthu. Anangokagwedeza n'kundipatsa, uku bambo wina akuimbira ambulansi.

Anagona m'chipatala usiku umodzi. Dokotala wachitsikana anatifotokozera mofatsa kuti za minyewa zija n'zoona, imalamuliradi timipaipi, koma vuto la amuna anga linali lakuti timipaipito tatupa m'kati, ndipo kutupa kumeneko sikuphwa ndi kudina msana. Ntchito imeneyo ndi ya kabulauni kaja kanali kugona ndi mapasipoti.

Ine ulaliki wanga ndinali nditaukonza kale, wa ndime zitatu. Ndinangodikira kuti awachotse chigoba cha mpweya kumphuno. Koma anandiyambirira, n'kufunsa ngati adzakhale atatuluka pofika Lachiwiri. Ndinawauza kuti akatchulanso Lachiwiri, msanawo ndiudina ndine, ndi mwendo wa mpando.

Anayang'ana manja awo amene anali atayamba kufewa.

"Mayi, ndi tsiku lokhalo limene munthu amandidikira," anatero. "Ndikachedwa amayang'ana wotchi."

Ulaliki uja sunalalikidwe. Lolemba madzulo ndinasita ndekha malaya oyera aja, n'kuika kampope kabuluu m'thumba la pachifuwa, kabulauni n'kukakhazika pafupi ndi mswachi wawo. M'mawa mwake anavala, anagwira pathumbapo, ndipo ali pakhomo anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti mzungu uja asadzamve za ambulansi, angakhumudwe.