Mbendera ya Bwato Lathu

Loweruka, pakati pa Febuluwale.

Lero ndinadzuka mtima uli m'mwamba, ndipo woyambitsa zonse ndi pakamwa pangapa. Lolemba tili ndi mayeso a Bayoloje. Sukulu ili tsidya lina la mtsinje, mtsinjewo wadzaza, ndipo bwato lathu linagona lomangidwa ndi tcheni cha ngolo. Njira yodzera ku mlatho ndi ulendo wa tsiku lathunthu m'matope, komanso aphunzitsi athu a Bayoloje salembetsa munthu mayeso kawiri.

Bwatolo linali mtengo wa mbawa m'dimba la amalume, mphepo n'kuugwetsa. Atate ndi amene anausema. Atate ndi akamwini m'mudzi muno, kwawo ndi ku Sinda, ndipo anabwera kuno ku Vubwi kudzakwatira amayi ine ndisanabadwe. Dzinja likafika, awiriwa amagwira ntchito limodzi pa doko. Atate amapalasa, amalume amaima pamtunda kukweza anthu ndi kuwauza pokhala. Amawolotsa opita ku chigayo, odwala, ana asukulu, nthawi zina ndi mbuzi zomwe. Zaka zonsezi palibe anafunsapo kuti bwatolo n'la ndani.

Ine pakati pa mlungu ndimagona pafupi ndi sukulu ndi anzanga, ndipo Lachisanu ndimabwera kudzatenga ufa. Lachinayi aphunzitsi a Siviki anatiphunzitsa za zizindikiro za mayiko. Atatha anationetsa pa foni yawo sitima zapamadzi zonyamula anthu pa nyanja yaikulu ya kumpoto. Iliyonse inali ndi mbendera kumbuyo ndi chizindikiro chojambulidwa m'mbali. Ina inali ndi nsomba, ina mbalame yotambasula mapiko. Anati munthu amene waima pagombe amadziwa mwini sitima isanafike n'komwe. Zinandisangalatsa kwambiri, moti dzulo nditangotsika m'bwato ndinawafotokozera onse awiri, thumba langa ndisanatule.

"Ndiye lathuli likuyenda maliseche?" anatero amalume. "Ana a sekondale akutiseka eti?"

"Sakuseka ayi, amalume."

"Akuseka. Utijambulire mbendera iwe. Uikepo mtengo wa mbawa, waukulu, anthu adziwe kumene bwatoli linachokera."

Atate anali akukapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Mtengo, alamu? Mtengowo unaima m'dimba mwanu zaka ndi zaka, unawolotsapo ndani? Mwanawe, ujambule kasemasema."

"Kasemasema akanasema chiyani popanda mtengo? Mphepo?"

"Mukanausandutsa makala inu. Ndinakupezani mutayamba kale kufunsa mtengo wa thumba."

Amayi ena amene ankadikira kuwoloka anaseka mokweza, ndipo kusekako ndi kumene kunaononga zinthu. Amalume anakumbutsa atate kuti anafika m'mudzi muno ndi bulangete limodzi ndi njinga yopanda mabuleki. Atate anayankha m'Chinsenga, monga amachitira akapsa mtima, ndipo ndinamvapo mawu okhudza ulesi. Dzuwa lisanalowe amalume anabweretsa tcheni ndi loko n'kumangirira bwato ku mkuyu. Atate anasenza nkhafi n'kukaisomeka m'denga la nyumba yathu. Wina anatsala ndi bwato, wina ndi chopalasira, ndipo amayi oseka aja anabwerera kwawo ndi chimanga chosagaya.

M'mawa muno ndinaganiza kuti maphunziro ndi amene abweretsa vutoli, ndiye maphunziro omwewo alithetse. Ndinang'amba pepala pakati pa kope la Jogalafe n'kujambula zonse ziwiri, mtengo pakati, kasemasema pambali pake. Ndinayamba kukaonetsa amalume, amene ndinawapeza akusosa m'dimba.

"Bwera nalo kuno. Ichi n'chiyani chikuyang'ana mtengo wangachi?"

"Kasemasema wa atate."

"Ndiye akuudula! Ukufuna anthu a tsidya lija aziona tsiku lililonse mkamwini akugwetsa mtengo wa eni mudzi?"

Ndinafufuta, ndinamuika kasemasemayo kutali, atatembenukira kwina. Atate atauona anati mtengowo wakula ngati phiri, pamene kasemasema akuoneka ngati supuni yothawa. Ndinamukulitsa. Amalume anati palibe dziko limene kasemasema amafanana msinkhu ndi mbawa. Pofika masana pepalalo linali litabooka chifukwa chofufuta, ndipo miyendo inali itatopa ndi kuyenda pakati pa dimba ndi khonde.

Ndinawauza onse za mayeso. Amalume anati, "Uza atate ako atulutse nkhafi." Atate anati, "Uza amalume ako atsegule loko." Aliyense anaonjeza kuti amandimvera chisoni kwambiri.

Amayi anga anali akusenda nyemba zaziwisi pakhomo, ndipo kuyambira dzulo anali asanalankhulepo kanthu pa nkhaniyi. Ndinakhala pafupi nawo misozi ili pafupi.

"Aphunzitsi akowo anati pa sitima amajambulapo zitsulo zimene anaikhomera?" anandifunsa.

"Ayi. Ena amajambula zimene zimapezeka kumeneko, kapena zimene sitimayo imanyamula."

"Nanga lathuli limanyamula mitengo?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yoyera ya pathebulo, yakale, yothimbirira pakona. Anandiuzanso kuti penti wabuluu wotsala popenta chitseko ali kuseri kwa nkhokwe. Ndinatafuna kamtengo kuti kakhale burashi. Ndinaganiza kwa kanthawi, kenako ndinadzijambula ndekha: mtsikana ataimirira, thumba la ufa pamutu, pansi pake mizere yokhotakhota ya madzi. Ndinaganiza kuti akandiona ine pa nsalupo achita manyazi. Koma kujambula ndi penti n'kosiyana ndi kujambula ndi pensulo. Siketi ya yunifolomu inachucha mpaka kumapazi n'kukhala ngati chitenje. Khosi linatalika chifukwa ndinayamba kujambula thumba pamwamba kwambiri, ndiye ndinayenera kulilumikiza ndi thupi. Mapazi anatuluka ngati makasu.

Nsaluyo itauma pang'ono ndinaimangirira ku nsungwi n'kupita nayo ku doko. Kunali anthu angapo amene amangobwera kudzayang'ana madzi ndi kudandaula. Amalume anafika chifukwa anamva phokoso. Atate anafika chifukwa anaona amalume akupita.

Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Uyu ndi mlongo wanga uyu," anatero. "Taonani kaimidweko. Amaima chonchi akafuna kukalipira munthu. Mwanayu wachita bwino, waika mwini dimba weniweni. Dimba lija amayi anasiyira iyeyu, ine ndimangolisunga."

Zimenezi sindinawamvepo akunena chibadwire.

"Ni mkazi wangu uyo," anatero atate, Chinsenga chitabweranso, koma ulendo uno chofewa. "Bwatoli ndinasemera iyeyu. Anali kuvutika kuzungulira ku mlatho ndi mwana kumbuyo."

"Ndinayamba kumudziwa ndine."

"Koma anasankha ine, alamu. Inu anangokupezani."

Anthu anasekanso, koma ulendo uno amalume nawo anaseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti munthuyo ndine, kenako ndinatseka. Pakamwa pomwepa ndi pamene panamangitsa bwato dzulo.

Amayi anafika pomalizira, akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana mbendera, anayang'ana ine.

"Akuti ndine ameneyu?"

"Ndinu, achemwali," anatero amalume.

"Khosi ngati la kakowa? Mapazi amenewa ndi anga? Ndiye mukufuna kundipachika pa nsungwi, ndiziwoloka mtsinje uku ndi uku anthu akundiloza?"

"Mwaoneka bwino, amake mwana," anatero atate.

"Inu khalani chete. Pamene munabwera simunanene kuti mapazi anga ndi makasu."

Ndinaopa kuti aichotsa. Anaigwira pakona, anaona ngati penti wauma, kenako anati ngati akupachikidwa, apachikidwe pa bwato loyenda, osati lomangidwa ngati mbuzi. Amalume anayamba kupapasa m'matumba. Kiyi anapezeka m'chipewa. Atate anakatenga nkhafi ili ndi mwaye wa m'denga. Kumbuyo kwa bwato kunalibe poika nsungwi, ndiye anakangana pang'ono za pobowola, mpaka anangoimanga ndi luzi ndi mphira wa chubu.

Ulendo woyamba anawolotsa amayi a chimanga aja. Kunalibe mphepo, choncho mbendera inangolendewera ngati thewera pa chingwe. Bwato litafika pakati pa mtsinje kamphepo kanaitambasula, ndipo ana a tsidya lija anayamba kukuwa ndi kuwomba m'manja. Amayi anga anati aphunzitsi a Siviki adzawaona pa tsiku la msonkhano wa makolo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinawauze dzulo chifukwa mkangano unandidula mawu. Sitima zonse za pa foni zija zinalinso ndi mayina, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo. Penti watsalako m'chitini. Mawa ndibisa chitinicho m'nkhokwe, ndisenza ufa wanga, ndiwoloka m'mamawa anthu asanapite ku tchalitchi, ndipo m'bwatomo ndizingobwereza ziwalo za mtima wa munthu chamumtima mpaka nditaponda tsidya lina.