Mano a Bulaki

Kabukuko kanali ka mapepala a thumba la simenti, odulidwa ndi lumo, osokedwa pakati ndi ulusi wakuda womangira tsitsi. Ukanyambita chala kuti utsegule peji, fumbi linkakuwawa palilime. Anakalemba pamanja aphunzitsi athu, ndipo padziko lonse kanalipo kamodzi kokha, kanga. Ndani wina kuno ku Kasina analemberedwapo buku lakelake? Funsani, ndikudikira.

Sukulu ndinayamba mochedwa. Anzanga akuimba a, e, i, o, u, ine ndinali kudambo ndi ng'ombe za amalume. Chaka chimene amayi anaumirira kuti ndilowe kalasi, n'kuti nditayamba kale mawu achibambo. Amayi anali ndi chifukwa chawo. Bambo ankagwira ntchito ku Joni, ndipo kalata ikabwera ankapita nayo kwa munthu wina kuti awawerengere. Pofika mawa lake, zonse za m'kalatamo zinkakhala zili kuchitsime.

Linali dzinja. Chifunga chinkatsika kuphiri mpaka pakhomo pa kalasi, ife titakhala pansi pozizira, matope ali m'zala zakumapazi. Anandikhazika pakati pa tiana tamamina, mawondo anga akulekezera m'makutu mwawo.

Mabuku osindikiza sankakwana, ndiye aphunzitsi ankalemba awo. Tiana ankatilembera mizere iwiri pansi pa chithunzi: "Ona galu. Galu wagona." Akalasi yapamwamba ankawalembera nkhani zitalizitali za maulendo, zilembo zake ngati nyerere. Ine la akulu linkandikanika, la tiana linkandinyoza. Munthu wogwira nkhunzi panyanga, ndiimirire pagulu n'kumanena kuti galu wagona? Agone, nanga ine zikundikhudza? Ndinangokhala duu mwezi wathunthu. Lero ndikuona kuti kunali kupusa, koma manyazi a mnyamata si ochepa, musamawaseke.

Amalume anamva zoti sindikuwerenga. Anauza amayi kuti ng'ombe zikuonda m'manja mwa ana a eni, pomwe mwana kusukuluko akungotenthetsa pansi. Anati tikayamba kukazinga mondokwa, ngati sindikuwerenga, ndibwerere kubusa. Mawu a amalume kwathu sankabwezedwa. Amayi anangotenga kalata ya bambo imene inafika sabata imeneyo n'kuisomeka kudenga osapita nayo kulikonse.

Loweruka lina, ndikuthandiza kudyetsa, ndinaona aphunzitsi akubwera kudambo atapinda buluku. Anayamba kundifunsa za ng'ombe ngati mlendo wa m'tauni. Iyi dzina lake ndani, imene ikufuna kubereka umaidziwa bwanji, goli umayamba kumanga iti. Ndinawayankha mokweza, mpaka kuwamvera chisoni kuti munthu wamkulu chonchi sadziwa kanthu.

Lolemba anandipatsa kabuku kaja. Zilembo zinali zikuluzikulu, mizere yaifupi ngati ya tiana tija, koma nkhani yake inali yachimuna. "Bulaki wathyola khola. Ine ndagwira nyanga." Bulaki inali ng'ombe yathu yakuda yolima, yamwano ngati mwini wake. Ndinafuna kudziwa ngati andilemba bwino, ndipo njira inali imodzi yokha, kulimbana ndi zilembozo. Ndinalimbana nazo kuseri kwa nkhokwe, mvula ikudontha pamsana. Sabata iliyonse aphunzitsi ankasokerera peji ina, mizere ikutalika pang'onopang'ono ine osazindikira.

Mondokwa unacha. Aphunzitsi anabwera kwathu masana, nakhala pakhonde ndi amalume, amayi ali chapatali pamphasa ndi kalata ija pamiyendo. Ndinawerenga kabuku konse osapunthwa. Amalume anangopukusa mutu, nati ana asukulu amaloweza ngati nyimbo ya kutchalitchi, ngakhale iwo atamva kawiri akhoza kuimba. Apo aphunzitsi anatulutsa m'thumba peji yatsopano imene ndinali ndisanaionepo.

Ndinayamba ndi chala, thukuta lili kamukamu. Bulaki wa-tse-gu-la pa-ka-mwa. Ma-no a-ke a-ku-tso-go-lo, a m'mwa-mba, ndi o-ye-ra. Ndinaima. Ndinabwereza. Kenaka ndinaiwala kuti ndili pamayeso.

"Aphunzitsi, ili ndiye bodza. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili ndi nkhama zokha. Tiyeni kukhola ndikakuonetseni."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa ndi chimanga. Atapukuta misozi anatembenukira kwa amayi.

"Alongo, nyimbo yoloweza munthu sakangana nayo. Mpatseni kalatayo."

Amayi anatulutsa mpweya wautali umene mpaka lero ndimaumva. Kalatayo ndinaiwerenga tili awiri, mpaka dzuwa kupendeka. Munalibe zambiri, bambo ankadandaula kukula kwa ntchito ndi kufunsa za mbuzi, koma kuchitsime sizinafike.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndisakunamizeni. Koma thumba la feteleza ndimawerenga ndekha, botolo la mankhwala ndekha. Mdzukulu wanga, amene pano ndi mphunzitsi, amabwera ndi mabuku okongola olembedwa kuti ili n'la azaka zakuti, ili la azaka zakuti. Ndimamuuza kuti zaka aziwerenga, koma aziyang'ananso amene mawondo ake atalika m'kalasimo.

Dzinja la kabuku lija ndinazungulira mudzi wonse kulengeza kuti aphunzitsi amadziwa zilembo koma ng'ombe ayi, ndipo ndawaphunzitsa ndine. Iwo ankavomera, nati zoona, wandikonza. Ndinali ndi ndevu kale pamene tinakawaika m'manda aphunzitsiwo kwawo, cha ku Linthipe. Kuseri kwa nyumba ya makolo awo kunali khola, kukula kwake la amalume kulowamo kawiri. Achimwene awo anandiuza kuti malemuwo anaweta mpaka mawu achibambo, ndipo sukulu anayamba atakhala pakati pa tiana.