Galimoto ya Mapiko

Mailo pamsika wa Petauke, ndikusankha zovala za salaula, ndinagwila batani la jekete lokhala ndi mapiko asiliva. Linali litatentha ndi dzuwa, ndipo ndinalisiya msanga.

Chaka cha ufulu tinali kukhala ku Kacholola, m'mbali mwa msewu. Magalimoto aang'ono a azungu, opanda denga, anali kuima pamenepo kuthila madzi. Ine ndi mkulu wanga tinagawana mabaji a kutsogolo kwake: kambuku wodumpha anali wanga, mapiko anali ake. Aliyense anali kuwelenga ake, ndipo iye anali kundiposa nthawi zonse.

Mkulu wanga atadwala chikuku, amai anandipeleka kwa azakhali. Pobwelako ndinapeza mphasa yake palibe.

"Wapita ku Lusaka," anatelo amai. "Yamutenga galimoto ya mapiko."

Ndinamuchitila nsanje. Komabe ndinapitiliza kumuwelengela mapiko ake, kuti akadzabwela asadzati ndinamubela.

Tsiku lina masana inaima galimoto yofiila ya mapiko, ikununkha petulo ndi chikopa chotentha. Woyendetsa anali bambo wakuda wovala tayi ndi chipewa. Ndinasuzumila mkati. Pampando winawo panali fumbi lokhalokha.

"Bambo, mkulu wanga mwamusiya kuti?"

"Mkulu wako uti, mwana iwe?"

"Amene munamutenga uja. Amai ndiwo anandiuza."

Bamboyo anayang'ana kumbuyo kwanga, kenaka anavula chipewa. Nditacheuka ndinaona amai ataima ndi ndowa pamutu, madzi akutayikila kumaso kwawo. Dzanja langa linali pa mapiko aja, likupsa, koma sindinalichotse.