Maluwa Omwe Komiti Inati Amwalira

Mesenjala wa pa ofesi ina ankatchedwa Achangu, chifukwa pa zaka makumi awiri palibe kalata inagonapo m'manja mwawo. Kunsi kwa zenera la akalaliki anali ndi kabedi ka maluwa oyera a diso lachikasu, aja obzala kamodzi basi. Ankawathirira madzi otsukira makapu a tiyi, kudula mitu yofota, ndipo pakatha zaka zitatu ankagawa mizu, wofuna n'kutengako.

Chilimwe china maluwawo anauma monga mwa chizolowezi chawo. Bwana watsopano, amene anabwera ndi tayi komanso maganizo, anasuzumira pazenera.

"Zinyalala izi n'zandani? Pathiridwe simenti apa."

"Sanafe amenewa, bwana," anatero Achangu. "Akungopuma. Pansi pali moyo."

"Akupuma? Analemba fomu ya tchuthi?"

Komiti inakhala, inamwa tiyi, n'kutsimikiza kuti maluwa amwalira. Kuti simenti ibwere panafunika anthu asanu asaine, ndipo woyenda ndi fayiloyo anali Achangu omwewo.

Sanabise kanthu ayi. Anangoyamba kutsata malamulo, koyamba pa moyo wawo. Lamulo linkati fayilo iperekedwe m'manja mwa mwini desiki. Mwiniyo akatuluka pang'ono, Achangu ankabwerera nayo mwaulemu, n'kudzayesanso sabata inayo. Lamulo lina linkati inki ikhale yakuda. Wachiwiri kwa bwana anasaina ndi yabuluu, zonse zinayambiranso.

"Achimwene, miyendo yatani masiku ano?" anafunsa mayi wotayipa makalata, amene pakhomo pawo panali maluwa a mizu yomweyo.

"Ukalamba, achemwali."

"Ukalamba wosankha fayilo! Bweretsani kuno." Tsiku lomwelo makina awo anadwala, ndipo anadwaladi sabata ziwiri zathunthu.

Mvula inagwa atasaina anthu atatu. Wachinayi asanapeze cholembera chakuda, timasamba tinali titatulukira. Pamene fayilo imafika kwa bwana, kabedi konse kanali mbee, njuchi zili yakaliyakali.

Bwana anawerenga mutu wa fayilo: kuchotsa maluwa akufa. Anayang'ana pazenera. Anawerenganso. Kusaina zinthu zosaoneka kunali kuika ntchito pachiswe, choncho analemba m'munsi mwake: "Maluwa akufa sanapezeke. Komiti ifufuze komwe apita."

Komitiyo ikufufuzabe. Imakumana Lachinayi lililonse, ndipo Achangu amaiikira patebulo botolo la maluwa oyera, kuti iziganiza bwino.