Bambo anga anabwerera okha ku Ntcheu

Inu owerenga, ndinakana kuperekeza bambo anga ulendo wa masiku awiri okha, ndipo mpaka lero chikumbumtima sichinandisiye.

Bambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito mu mgodi wa ku Kabwe, ku Zambia. Ine ndinabadwira konkuno, ku Natuseko, mwana mmodzi yekha. Amayi anamwalira ndili kusekondale. Mgodi utatsekedwa, bambo ankangokhala pakhonde tsiku lonse, akutsokomola. Anzawo ena anali atabwerera kale kwawo, ena anamwalira.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinkaimba gitala m'kagulu ka nyimbo zovina za kalindula. Tinkaitanidwa m'maukwati ndi m'mabala a ku Kamushanga. Anthu akavina mpaka fumbi kobo, ndinkamva kuti moyo ndi umenewu.

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala bambo anandiitana. Anati akufuna kubwerera kwawo mphamvu zisanawathere. Sanandipemphe kuti ndisamuke. Anangoti ndiwanyamulire chikwama, abale akandione, kenako ndibwerere ku zoimba zangazo. Koma mwezi wotsatirawo unali wa maukwati, ndipo ndinkaopa kuti anzanga apeza wagitala wina. Ndinawayankha m'Chinyanja chathu cha m'tauni kuti, "Ba tata, ku Malawi nilibe vochita. Lekani nienjoye moyo wanga. Nizabwela Khirisimasi ikapita."

Sanakalipe. Anangogwedeza mutu n'kuyamba kusita jekete yawo.

Pa tsiku la ulendo ndinawafikitsa pokwerera basi ya ku Lusaka. Basi inachedwa kudzaza, ndipo anzanga ankandidikira kuti tikayeserere nyimbo. Ndinawapatsa moni wa padzanja kudzera pawindo n'kumapita, basi isananyamuke. Sindinacheuke n'komwe.

Khirisimasi inadutsa, Pasaka anadutsa. Nthawi zonse pankapezeka ukwati wina. M'mwezi wa Julayi ndinalandira kalata yochokera kwa mkulu wa mpingo wa kumudzi kwa bambo. Analemba kuti bambo anafika atafooka kwambiri, chikwama chitabedwa panjira pamene anagona tulo m'basi. Anapeza achimwene awo onse atamwalira. Amene anawasunga anali mlongo wawo wokalamba, azakhali anga, amene ndinali ndisanawaonepo. Pamene kalatayo inkandipeza, bambo anali atagona m'manda milungu itatu.

Kagulu kathu kanatha chaka chomwecho, titakangana za mtsikana.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalimbe mtima kupita ku Ntcheu. Azakhali anandilandira bwino, mpaka anandiphera nkhuku. Sanandidzudzule. Anangondiuza kuti bambo ankapempha kuti awatulutsire mpando pansi pa mtengo wa mango woyang'ana kumsewu, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti mwana wawo ndi katswiri wa gitala ku Zambia, akubwera posachedwa. Nkhuku ija ndinaisiya m'mbale. Kenako ndinapita kumanda kwa bambo n'kukagwada.

Sindikunena kuti kuimba kunali tchimo, kapena kuti wachinyamata asamatsate chimene mtima wake ukukonda. Bambo sanandiletsepo gitala. Cholakwa changa n'chakuti ndinkaona ngati chisangalalo changa sichingadikire ngakhale sabata imodzi, koma munthu wodwala chifuwa angadikire miyezi. Ndinawalola kukwera basi okha ndi chikwama chimene sakanatha kuchinyamula.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikawapempha kanthu n'kundiyankha kuti ali otanganidwa, ndimangochichita ndekha. Ndilibe pakamwa powadzudzulira.

Inu achinyamata, kholo likakupemphani chinthu chaching'ono chimene chili ndi tsiku lake, siyani zanuzo mupite. Maukwati amene ndinkaopa kuphonya aja sindikumbukanso ngakhale dzina la mkwati mmodzi.